Uyambe ndi ya 1986, mphwanga

Halo, mphwanga, ndi malume ako. Ine ndikadali pa Lizulu, mbatata sindinamalize kupakiza, ndiye vidiyo sho utsegule wekha lero. Tamvera bwino.

Pa fulashi yofiira ija pali mafilimu awiri a ndege zankhondo, onse ndi Top Gun. Uyambe ndi yakale, ya 1986. Yakale ndikunena, osati ya 2022. Ndikudziwa, uona yatsopanoyo zithunzi zake zili mbee, mtima ukuuza kuti uyambe nayo. Ayi. Ine ndinachitapo zimenezo. Anthu anangoona Iceman atakalamba, akudwala, mawu osatuluka bwino, Maverick akumukumbatira, m'nyumba monse zii, sakudziwa kuti mkuluyu ndi ndani. Wina mpaka anaima pakhomo kufuna ndalama yake. Pamene chokoma chonse chili pa makani a awiriwa ali anyamata. Si adani ayi, wamva? Onse ndi asilikali a America, sukulu imodzi, koma aliyense akufuna akhale namba wani. Iceman wotsata malamulo, Maverick wosamva zomuuza. Mabenchi amagawikana ngati tsiku la Bullets ndi Wanderers, ndipo ukaona akukangana usawaletse, ndi amene amabweranso mawa.

Ndiye ukaika... aa, dikira, sipika. Poyambirira penipeni ndege zimanyamuka pa sitima yapanyanja, phokoso lake si lamasewera. Voliyumu ikhale pakati. Pakati, osati kumapeto. Mnyamata wina wa ku Tsangano ndinamuuza zomwezi, iye ati anthu amve mpaka kumsika. Anamvadi, mphindi ziwiri, kenako fungo la waya wopsa. Mpaka lero akuonetsa mpira ndi kawailesi.

Ana akutsogolo aja adzakufunsa kuti bwanji mu ndege muli anthu awiri. Uwauze kuti imeneyo ndi F-14, wakutsogolo amayendetsa, wakumbuyo amayang'ana rada, ndiye Goose ameneyo, mnzake wa Maverick. Koma za Goose usanene zambiri. Usanene kalikonse, ngakhale akunyengerere ndi chimanga chootcha. Aone okha, ndipo pamenepo osathamangitsa filimu ati pakutopetsa, chifukwa mwana wake ndi amene akuvuta mu ya 2022.

Yachiwiriyo uonetse madzulo, alipirenso. Yakale kaye, wamva? Mafuta a jenereta ali m'chigubu kuseri kwa chitseko. Iii, galimoto ija yafika, ndikuimbira.