Dzuka, udye

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tiwerenge 1 Mafumu 19:1-8.

Eliya anali atangotsika pa phiri la Karimeli, pomwe moto unagwa kuchokera kumwamba pamaso pa aneneri a Baala 450. Koma Yezebeli, mkazi wa mfumu Ahabu, atatumiza uthenga woti amupha, munthu wa Mulunguyu anathawira ku Beereseba, n'kuyendanso tsiku lathunthu m'chipululu. Anakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe.

Yankho la Mulungu ndi limene limandigwira mtima. Sanamukalipire, sanamuuzenso kuti asale kudya. Anamusiya agone kaye. Kenako mngelo anamukhudza n'kunena kuti dzuka, udye. Kumutu kwake kunali mkate wootcha pa makala ndi mtsuko wa madzi. Anadya, anamwa, n'kugonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi mawu omwewo, ati chifukwa ulendo ndi wautali. Mulungu anadzayankhula ndi Eliya m'kamawu kakang'ono pa phiri la Horebu patatha masiku 40, ndipo mphamvu yokafikira kumeneko inachokera m'chakudya chija.

Chaka chatha mayi wina wa mumpingo mwathu, yemwe ali ndi matenda a shuga, anasala masiku atatu osamwa ngakhale madzi. Tonse tinkangowayamikira kuti mayi awa ndi apemphero. Tsiku lachitatu anakomoka nyimbo ili mkati, ndipo tinathamanga nawo kuchipatala. Anachira, Mulungu alemekezeke, koma mpaka lero mtima umandipweteka kuti pa gulu lonse lija, ine ndemwe, panalibe anawafunsa ngati amwa mankhwala.

Kusala n'kwabwino, Yesu mwini anasala. Koma Yesu yemweyo, pa Marko 6:31, ataona kuti ophunzira ake akusowa ndi mpata wodyera womwe, anawatengera kwa okha kuti akapumeko. Inu amene mukumwa ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga, musawasiye chifukwa mpingo walengeza sabata yosala. Kaonaneni kaye ndi adokotala, muwauzenso abusa anu. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, chimodzimodzi.

Tipemphere. Atate, alipo ena pakati pathu amene adzuka ali pansi pa kamtengo kaja, thupi latheratu, mtima walefuka. Akhudzeni monga munamukhudzira Eliya, ndipo mutitume ife tikawafikire ndi phala ndi madzi tisanawatsegulire Baibulo. M'dzina la Yesu, Ameni.