Kangaude, Ng'oma ndi Fodya: Kumene Gule wa Pizzica Anachokera

[Pa sikirini pali mdima. Kukumveka ng'oma ya m'manja yokhala ndi tizitsulo, ikulira mofulumira]

Tamvetserani kaye ng'oma imeneyo. Zaka 70 zapitazo, ikamveka m'mudzi masana dzuwa lili paliwombo, anthu sankaganiza za ukwati kapena phwando. Ankadziwa kuti pakhomo pena pagwa matenda.

Moni nonse kulikonse kumene mukuonera. Lero ndikutengerani ku Italy, koma osati ku Rome kapena ku Milan kumene timakumva pa nkhani za mpira. Tikupita kumudzi kwenikweni, kumene kunachokera gule wotchedwa pizzica, amene kale ankachizira odwala.

[Mapu a Italy]

Dziko la Italy limaoneka ngati jombo. Kuchidendene kwa jomboyo kuli dera lotchedwa Salento, m'chigawo cha Puglia, ndipo mzinda wake wotchuka ndi Lecce. Nyanja ili uku ndi uku, koma mitsinje ndi yosowa. Dothi lake ndi lofiira ngati katondo, miyala ili ponseponse, moti alimi akale ankaizula m'minda n'kuisanja kukhala malire ndi tinyumba togonamo nthawi yokolola, popanda simenti kapena dothi lomatira. M'midzi ina monga Calimera, Sternatia ndi Martano muli nkhalamba zolankhula Griko, chinenero chochokera ku Chigiriki.

Kwa zaka zambirimbiri minda yaikulu inali m'manja mwa mabanja ochepa olemera. Anthu wamba ankadalira ganyu: kudula tirigu, kutola zipatso za azitona, kusamalira mphesa, kuthyola fodya. Chakudya chotenga kumunda chinali frisella, buledi wowotchedwa kawiri mpaka kuuma gwa kuti asaonongeke. Pofuna kudya ankamuviika m'madzi, n'kufinyirapo tomato, kuthirapo mchere ndi timafuta. Ndiwo ya masiku onse inali nyemba zotchedwa fave, zophika mpaka kukhala phala, pamodzi ndi masamba owawa othyola kutchire, monga ife tithyolera chisoso.

Kumeneko kumatentha kwambiri mu June, July ndi August, nthawi imene kwathu kuno timafunda mabulangete awiri. Ndipo m'nyengo yotenthayi, tirigu atacha, m'pamene kangaude ankaluma.

[Chithunzi cha kangaude pa dothi louma]

Eni ake amamutcha taranta, dzina limene anthu amaligwirizanitsa ndi mzinda wa Taranto. Munthu, makamaka mayi kapena mtsikana, ankabwera kuchokera kumunda ali wofooka, m'mimba mukupota, chakudya osachifuna, maso ali gwa kuyang'ana kumodzi, kumulankhula osayankha. Achibale akaona choncho ankati taranta wamuluma, ndipo mankhwala ake anali amodzi okha: kuitana oimba.

Ankachotsa katundu m'chipinda n'kuyala nsalu yoyera pansi. Pambali ankaikapo chithunzi cha Paulo Woyera ndi timaliboni ta mitundu yosiyanasiyana. Oimba ankabwera ndi vayolini, gitala, akodiyoni yaing'ono, ndi ng'oma ija yotchedwa tamburello, yomwe ndi mkombero wa thabwa wokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, wokhala ndi tizitsulo m'mbali. Sankayamba ndi nyimbo iliyonse imene yawabwerera m'mutu. Ankafufuza. Anthu ankakhulupirira kuti kangaude aliyense ali ndi nyimbo yake ndi mtundu wa nsalu umene amakonda: wina wokonda kuvina, wina wachisoni wofuna nyimbo za maliro, wina wogontha amene samva ng'oma n'komwe. Woimba vayolini ankayandikira pafupi ndi khutu la wodwalayo, kuyesa iyi, kuyesa iyo, akuyang'anitsitsa phazi lake. Phazi likangoyamba kugwedera, ndiye kuti aipeza.

Wodwalayo ankayamba ali chigonere chagada, kukwawa ndi msana, kugubuduka, kumenyetsa mutu uku ndi uku motsatira ng'oma, ngati iyeyo wasanduka kangaudeyo. Kenako ankadzuka, kuyamba kudumpha ndi kuponda pansi mwamphamvu ngati akupha chinthu, kuthamanga mozungulira chipinda mpaka kugwa. Oimba ankapumako, kumwa madzi, n'kuyambiranso. Zinkatha kutenga masiku angapo, mpaka wodwalayo atanena yekha kuti Paulo Woyera wamuchitira chisomo. Banja losauka linkalowa nazo m'ngongole, chifukwa oimba ankafunika kulipidwa ndi kudyetsedwa, ndipo anthu odzaonerera ankaponyako kangachepe.

Mmodzi mwa oimba amenewa dzina lake linasungika. Anali Luigi Stifani wa m'tauni ya Nardò, munthu wometa tsitsi amene ankaimbanso vayolini, ndipo ankalemba m'kabuku za odwala amene anawaimbira. Anamwalira mu 2000. Dzina la tauni limeneli, Nardò, mulisunge, tibwereranso kumeneko.

Nanga Paulo Woyera akulowamo bwanji? Amene mumawerenga Baibulo mukukumbukira Machitidwe a Atumwi mutu 28: Paulo ali pa chilumba cha Melita, chomwe lero ndi Malta, njoka inamuluma padzanja akusonkha moto, iye n'kuikutumulira pamoto osavulala. Anthu a ku Salento amasimba kuti Paulo anachezako m'tauni ya Galatina, ndipo pothokoza amene anamulandira anadalitsa chitsime cha pakhomopo kuti madzi ake azichiza olumidwa ndi zaululu. Choncho chaka chilichonse pa 29 June, tsiku la Petro ndi Paulo Oyera, odwala ankatengedwa pa ngolo kupita ku katchalitchi kakang'ono ka ku Galatina kukamwa madziwo. M'katimo munalibe oimba, motero odwala ankafuula, kukwawa, ena mpaka kukwera pa guwa. Atsogoleri a mpingo zimenezi sizinkawasangalatsa, ndipo chitsimecho chinadzatsekedwa mu 1959 chifukwa madzi ake anali oipa.

[Zithunzi zakale zakuda ndi zoyera za ku Galatina]

M'chaka chomwecho cha 1959, katswiri wina wa ku Naples wofufuza za zipembedzo ndi chikhalidwe, Ernesto de Martino, anafika ku Salento ndi gulu lake. Munali dokotala wa matenda a maganizo Giovanni Jervis, katswiri wa nyimbo Diego Carpitella, wofufuza za chikhalidwe cha anthu Amalia Signorelli, ndi wojambula zithunzi Franco Pinna. Zimene anapeza zinatuluka mu 1961 m'buku lotchedwa La terra del rimorso. Mawu akuti rimorso ali ndi matanthauzo awiri m'Chitaliyana: kulumidwanso kachiwiri, komanso chisoni chodya mumtima chifukwa cha zakale.

De Martino anaona zinthu zosagwirizana ndi ululu wa kangaude. Kangaude wamkulu amene anthu ankamuloza, Lycosa tarantula, ndi woopsa maonekedwe chabe, kuluma kwake sikupha munthu. Alipo wina wamng'ono wakuda wa madontho ofiira amene ululu wake umadwalitsadi, ndipo n'kutheka kuti chikhulupirirochi chinayambira kwa ameneyo. Koma ambiri odwala anali akazi, pamene kumunda kunali amuna ndi akazi omwe. Matendawa ankakonda kugwira atsikana ongotha msinkhu ndi amayi a m'mabanja ena ake omwewo. Ankabwerera chaka ndi chaka m'nyengo yomweyo popanda kulumidwanso. Ndipo anthu a m'tauni ya Galatina ankati iwo sagwidwa. Kangaude sadziwa malire a tauni.

Atakhala nawo pansi amayiwo, anamva nkhani za ukwati wokakamizidwa, chibwenzi chokanizidwa ndi makolo, imfa ya wokondedwa, umphawi, ndi kutopa kosatha. M'midzi imeneyo mkazi sankaloledwa kudandaula poyera, kukana mwamuna, kapena kusiya ntchito. Koma akalumidwa ndi taranta, mudzi wonse unkaima. Ankafuula, kulira, kuvina pamaso pa anthu, ndipo palibe ankamunena kuti wachita misala kapena wasowa mwambo, chifukwa wolakwa anali kangaude.

Apa ndinenepo maganizo anga. Sindigwirizana ndi amene amati amayiwa ankanamizira. Munthu sangavine masiku atatu mpaka kukomoka, banja lake n'kugulitsa kambewu kochepa kamene linali nako, chifukwa chofuna kuonetsa sewero. Ululu unalipo ndithu, kungoti gwero lake silinali pa khungu. Ife a ku Malawi zimenezi sizachilendo kwenikweni. Kumpoto, pakati pa Atumbuka, kuli vimbuza, gule wochizira amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo nakonso ovina ambiri ndi amayi, ng'oma n'zimene zimaitana chimene chikumusautsa munthuyo kuti chituluke poyera. Miyambo iwiriyi siinachokere kumodzi, ndipo zikhulupiriro zake n'zosiyana, koma amene anaonapo vimbuza sangaseke mayi wa ku Nardò.

[Amayi atakhala pansi akusoka masamba a fodya]

Chithunzi ichi chikhoza kukhala cha ku Kasungu kapena ku Dowa, koma ndi cha ku Salento. Deralo linkalima fodya wa masamba ang'onoang'ono woumitsa padzuwa. Amayi ndi ana ankathyola mbandakucha, kusoka masamba pa ulusi ndi singano yaitali, manja atada bii ndi utomoni. Akauma, amayi ena otchedwa tabacchine ankawasankha m'mafakitale, m'fumbi lotsamwitsa, akapitawo ali pamsana, malipiro ochepa. Pa 15 May 1935 ku Tricase, anthu anatuluka kukakana zoti ntchito ya fodya ichotsedwe m'tauni yawo kupita ku Lecce. Achitetezo anawombera ndipo anthu asanu anafa. Nyimbo zambiri za ku Salento zinabadwira m'ntchito ngati zimenezi, zoimba popanda chida chilichonse, wina kutsogolera, ena kuvomera ndi mawu ogwirizana pamwamba ndi pansi, monga amayi achitira pamtondo. Zina zimadandaula za bwana, zina n'zachikondi, zina zonyogodola, ndipo m'midzi ya Griko munali amayi odziwa kulira maliro ndi nyimbo zotchedwa moroloja.

Kuyambira cha m'ma 1960 zinthu zinasintha. Achinyamata anapita kukagwira ntchito ku Turin, ku Switzerland ndi ku Germany. Kunabwera zipatala, wailesi ya kanema, sukulu. Odwala taranta anayamba kuchepa, ndipo otsalawo ankabisala. Kukhala ndi agogo amene anavinapo pa nsalu yoyera chinali chamanyazi pabanja. Ng'oma zambiri zinapachikidwa pakhoma.

Malo amodzi amene moto sunazime ndi mudzi wa Torrepaduli. Usiku wa pa 15 August kuchezera 16, pa chikondwerero cha woyera wina wotchedwa San Rocco, anthu amapanga mabwalo kunja kwa tchalitchi n'kuimba ng'oma mpaka kucha. Pakati pa bwalo pamalowa amuna awiri kuvina pizzica scherma, kulimbana ngati ali ndi mipeni, koma mpeni wake ndi zala ziwiri zoloza. Amene wakhudzidwa amatuluka, wina n'kulowa. Oimba ng'oma ena amamenya mpaka dzanja kuchucha magazi pa chikopa. Palinso pizzica ya chisangalalo, yovina awiriawiri, mkazi atagwira kampango m'manja, mwamuna akuzungulira moyandikira koma osamukhudza. Imeneyi ankavina ngakhale pachibale pa maphwando a pakhomo.

Mu 1975 wolemba mabuku Rina Durante ndi anzake anayambitsa gulu la Canzoniere Grecanico Salentino, lomwe lilipobe mpaka pano. Achinyamata anayamba kuyendera nkhalamba monga Uccio Aloisi wa ku Cutrofiano kukaphunzira kaimbidwe. Kenako mu 1998 kunayamba chikondwerero cha La Notte della Taranta, kutanthauza usiku wa taranta, chimene chimayenda m'midzi mu August n'kukathera ku Melpignano, kamudzi ka anthu ongopitirira 2,000, kumene usiku womaliza kumasonkhana anthu oposa 100,000. Oimba otchuka akhala akuitanidwa kudzatsogolera, monga Stewart Copeland mu 2003 ndi Ludovico Einaudi mu 2010 ndi 2011.

[Khamu la anthu likuvina usiku ku Melpignano]

Ndikaona khamu limeneli ndimasangalala kuti zidzukulu za aganyu aja zikunyadira ng'oma imene makolo awo ankaibisa, ndipo opanga ma tamburello akupeza ndalama. Koma chimandiwawa n'chakuti kangaude tsopano ali pa malaya ndi pa makapu ogulitsa kwa alendo, pamene ambiri ovinawo sanamvepo kuti panali mayi atagona pa nsalu yoyera. Ena a ku Salento komweko amadandaula zomwezi, kuti zokuzira mawu ndi magitala a magetsi zikumeza mawu a nkhalamba.

Nayo minda ikuvutika. Mu 2013 kunapezeka kachilombo kotchedwa Xylella fastidiosa kamene kaumitsa mitengo ya azitona mamiliyoni, ina yoti inakhala zaka mazanamazana. Mukayenda pagalimoto cha kutauni ya Gallipoli mumaona minda yathunthu ya zitsa zotuwa.

Tibwerere ku Nardò kuja, kwa Stifani wometa tsitsi. Ganyu wa padzuwa la August sanathe, anangosintha omugwira. Masiku ano othyola tomato ndi mavwende ambiri ndi anyamata ochokera ku Africa, olembedwa kudzera mwa akapitawo otchedwa caporali, amene amadula malipiro, kulipiritsa thiransipoti, ngakhale madzi akumwa. Mu 2011 anyamatawa ananyanyala ntchito ku Nardò, mmodzi mwa owatsogolera ali Yvan Sagnet wa ku Cameroon, amene ankaphunzira za uinjiniya ku Turin ndipo anapita kumeneko kukasaka ndalama ya sukulu. Kunyanyalako kunathandiza kuti boma la Italy liike ukapitawo wotere m'gulu la milandu, ndipo mu 2016 lamulolo linakhwimitsidwa kuti ligwirenso eni minda.

[Kamera ikuyandikira chitseko cha katchalitchi ka Paulo Woyera ku Galatina]

Katchalitchi kaja kakadalipo, kanakonzedwanso, ndipo chitsime chili kuseri kwake, chotseka. Pa 29 June anthu amasonkhanabe pabwalo la kutsogoloko ndi ma tamburello awo. Tsopano ndikusiyani ndi ng'oma imene tinayamba nayo ija. Mvetserani chala chachikulu mmene chikumenyera pakati pa chikopa, ndi tizitsulo tikuyankha m'mbali.

[Ng'oma ikupitirira kulira]