Alan Krueger ndi funso loti chimapangitsa munthu kukhala chigawenga n'chiyani

Takulandirani, okondedwa owonera. Mukafunsa anthu pamsika kuti zigawenga zimachokera kuti, ambiri akuyankhani kuti ndi umphawi, ndi umbuli. Atsogoleri a mayiko akuluakulu nawonso amanena zomwezo. Mu March 2002, patangopita miyezi ingapo ndege zitagunda nsanja za ku New York, George W. Bush, yemwe anali pulezidenti wa America, anaima mumzinda wa Monterrey ku Mexico n'kunena kuti kulimbana ndi umphawi kumabweretsa chiyembekezo chogonjetsera uchigawenga. Katswiri wina wa zachuma, Alan Krueger, anafuna aone kaye umboni.

Krueger anabadwa mu 1960 m'chigawo cha New Jersey ku America, anaphunzira ku mayunivesite a Cornell ndi Harvard, kenako n'kukaphunzitsa ku yunivesite ya Princeton. Anatchuka mu 1994, pamene iye ndi katswiri mnzake wa zachuma, David Card, anafufuza malo odyera pafupifupi 400 ku New Jersey ndi ku Pennsylvania. Boma la New Jersey linali litakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa madola 4.25 kufika pa 5.05 pa ola. Akatswiri ambiri ankati ntchito zichepa. Sizinachepe. Uku ndiye kunali kachitidwe kake: anthu onse akagwirizana pa chinthu, iye ankapita kukawerenga yekha.

Mu 2003, iye ndi Jitka Malečková, katswiri wa ku Prague, anatenga mbiri za amuna 129 a gulu la Hezbollah ku Lebanon omwe anafera kunkhondo, n'kuwayerekeza ndi anzawo amsinkhu womwewo. Mwa omenya nkhondowo, 28 pa 100 aliwonse ankachokera m'mabanja osauka, pomwe mwa anthu wamba anali 33. Komanso omenya nkhondowo ndi amene anafika kusekondale mochuluka kuposa anzawo. Wophunzira wa Krueger, Claude Berrebi, anapeza zofanana pakati pa Apalestina odziphulitsa ndi mabomba.

Nanga chifukwa chake n'chiyani? Taganizani za bambo amene akuswa miyala kuti ana agone atadya. Mtima wake uli pa ufa. Amene amawerenga nyuzipepala, kutsatira ndale mpaka kupsa nazo mtima, kawirikawiri amakhala wophunzira. Ndipo magulu achigawenga nawonso amasankha ngati olemba ntchito: amafuna munthu wodziwa zilankhulo, wotha kudutsa pabwalo la ndege osachita kakasi.

Chomwe Krueger anaona kuti chimayenda limodzi ndi uchigawenga ndi kuponderezedwa kwa ufulu. Mayiko omwe munthu sangalankhule, sangachite zionetsero, sangakadandaule kukhoti, ndi amene ankatulutsa zigawenga zambiri. Izi anazifotokoza m'buku lake la 2007, What Makes a Terrorist. Kwa ine, mfundoyi ndi yolemera, chifukwa boma likamanga anthu popanda mlandu m'dzina la chitetezo, likhoza kukhala likuthirira udzu womwe likufuna kuzula.

Musandimve molakwika. Krueger sananene kuti thandizo kwa osauka n'lopanda ntchito. Ankaopa kuti tikamathandiza osauka pongoopa mabomba, tsiku lomwe mantha adzathe thandizo lidzathanso. Anasiyanitsanso uchigawenga ndi nkhondo zapachiweniweni, zomwe zimachuluka ndithu m'mayiko osauka. Choncho zomwe anapeza ku Lebanon sitingangozinyamula n'kuziika ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, komwe nkhondo inayamba mu 2017. Kumeneko kukufunika kafukufuku wakewake.

Analinso wopanda mantha. Mu 2004, iye ndi katswiri wa zandale, David Laitin, anaulula kuti lipoti la boma la America, lomwe linkati ziwembu zachigawenga zachepa, linali ndi ziwerengero zolakwika, ndipo unduna wa zakunja wa America, womwe unkatsogozedwa ndi Colin Powell, unavomera n'kulikonza. Kuyambira 2011 mpaka 2013 anali mkulu wa alangizi a zachuma a Barack Obama.

Krueger anamwalira mu March 2019 ali ndi zaka 58. Mu 2021, David Card analandira mphoto ya Nobel, mwa zina chifukwa cha kafukufuku uja wa malo odyera yemwe anachitira limodzi. Mphotoyi sapatsa munthu womwalira.