Timbalame ta m'matope tochokera ku Siberia

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse a kuno ku Kachulu, m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa. Inu amene mumalawirira kudoko mumationa timbalame totuwa, ta miyendo yowonda, tikuthamangathamanga m'matope kuyambira cha mu Seputembala. Pofika Epulo tasowa. Timakhala titabwerera kwawo kukaikira mazira, kumpoto kwa Ulaya ndi ku Siberia, kumene chisanu chikayamba nthaka imauma gwaa, chakudya n'kusowa.

Kamodzi mwa ito, kotchedwa Little Stint, kulemera kwake ndi ngati theka la dzira la nkhuku, koma kuti kafike kuno kamauluka makilomita pafupifupi 10,000. Tina timangopumira pano n'kupitirira kugombe la nyanja yamchere, monga kumathero a Zambezi ku Mozambique ndi ku Langebaan ku South Africa. Kumeneko oonera mbalame amadikira madzi akamakwera, chifukwa amakankhira mbalame kufupi ndi mtunda. Ife kuno timatsata pamene madzi aphwera kumene n'kusiya thope lonyowa, poti m'menemo ndi mmene muli nyongolotsi ndi tizilombo timene timbalameti timadya.

Tsono mukafuna kutiona bwino, lawirirani, dzuwa likhale kumsana kwanu. Khalani pansi, musaime chilili, ndipo agalu atsale kunyumba. Magalasi oonera patali amathandiza, koma opanda iwo musadandaule. Yang'anani mlomo kaye: wautali kapena waufupi, wowongoka kapena wopindika? Kenaka mtundu wa miyendo. Kenakanso mayendedwe. Kaja kamene kamagwedeza kumchira kosalekeza ndi Common Sandpiper, simungakasokoneze.

Achinyamata inu, izi zomatithamangitsa kuti muone tikuuluka, lekani. Mu Febuluwale ndi Malichi timakhala tikudya usana ndi usiku kuti tinenepe, ndipo mafuta amenewo ndiwo kamba wa paulendo. Mukatidzidzimutsa kawirikawiri, timawatha tisananyamuke. Chimodzi mwa zifukwa zimene Chilwa inakhalira malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa pangano la maiko loteteza madambo la Ramsar la 1971 ndi kuchuluka kwa mbalame za m'madzi.

Abambo osaka mbalame, mukapeza ina ili ndi kamphete kachitsulo kumwendo, musataye. Lembani manambala ali pamenepo, tsiku ndi malo, mupereke kwa a komiti kuti akafikitse kwa a WESM, bungwe loteteza nyama zakutchire ndi zachilengedwe, ku Zomba.