Makalata a omvera: "Tinayang'anana maso ndi maso koma nkhope yake yandithawa"

Takulandiraninso omvera athu, tiyeni titsegule makalata. Yoyambayi yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti dzina tisatchule, akuti:

"Achimwene, mwezi watha munthu anandilanda foni madzulo atanditulutsira mpeni. Tinayang'anana ndithu koma apolisi atandifunsa maonekedwe ake ndinangoti kakasi, chomwe chikubwera m'mutu ndi mpeni uja basi ndi kapusi yakuda. Ndiye dzana ndaona mnyamata wina pamsewu mtima wangoti phwii kuti ndi yemweyu. Mutu wanga uli bwino koma? Ndikanene?"

Pepani kwambiri mayi, ndipo mutu wanu uli bwinobwino. Ubongo si kamera ayi, umasunga zokhazo zimene chidwi chinali pomwepo, ndiye munthu akakulozani mpeni maso amathamangira ku mpeniwo chifukwa ndi umene ungakupheni, mphuno ya wakubayo ilibe ntchito nthawi imeneyo. Akatswiri amati weapon focus.

Ngakhale popanda mantha zimachitika. Mu 1998 akatswiri ofufuza za maganizo a munthu, Daniel Simons ndi Daniel Levin, anatuma munthu kukafunsa njira kwa anthu oyenda pansi, ali mkati molongosola anthu awiri onyamula chitseko amadutsa pakati pawo, wofunsa uja n'kusinthana ndi mnzake kuseri kwa chitsekocho. Pafupifupi theka sanazindikire kuti akulankhula ndi munthu wina! Masanasana, opanda mpeni.

Koma chandiopsa ine ndi cha mnyamata wadzanayo. Mu 1984 ku North Carolina, m'dziko la America, mayi wina dzina lake Jennifer Thompson anagwiriridwa ndipo anachita dala kuloweza nkhope ya munthuyo kuti adzamugwiritse. Analoza Ronald Cotton pa zithunzi, anamulozanso pamzere kupolisi, m'khoti analumbira mosakayika. Cotton anakhala m'ndende zaka zoposa 10 mpaka DNA inamutulutsa mu 1995, wolakwa weniweni anali Bobby Poole. Ndipo Thompson atamuona Poole m'khoti ananena kuti sanamuonepo chibadwire. Sikuti amanama, nkhope ya Cotton inali italowa kale m'malo mwa ija yeniyeni, poti nthawi iliyonse tikamakumbukira ubongo umachita kumanganso chithunzicho n'kumatseka mipata ndi zimene taona pambuyo pake.

Ndiye kanenenitu kupolisi mayi, koma mukanene kuti "akufanana", ndi pomwe pakufanana, osati "ndi yemweyo". Chonde musakuwe kuti wakuba pamsewu, gulu silifunsa mafunso. Komanso siyani kufufuza zithunzi pa Facebook, mukungosokoneza kochepa kamene mwasungako.

Ina yaifupi, bambo wina akuti: "Ndinacheza ndi mayi wina pamsonkhano ola lathunthu, mawa lake ndinamudutsa osapereka moni, anakwiya. Anangosintha tsitsi basi."

Hahaha bambo, tsitsilo ndi limene munaloweza! Nkhope yachilendo timaigwira ndi zakunja, tsitsi, magalasi, ndevu, chovala, pamene ya munthu amene tamuzolowera timaidziwa ndi maso, mphuno ndi pakamwa, n'chifukwa chake mlongo wanu atameta mpala mungamudziwebe ali patali. Kapepeseni, muwauze kuti pawailesi anena kuti vuto ndi wigi. Timvere kaye nyimbo, tikabwera tiwerenga ina.