Anakhoza kuposa onse, koma digiri sanamupatse

[Pa sikirini: holo yakale yolembera mayeso]

Mu 1890, ku yunivesite ya Cambridge ku England, mtsikana wina dzina lake Philippa Fawcett analemba mayeso a masamu omwe ankatchuka kuti ndi ovuta koopsa. Zotsatira zitatuluka, kunapezeka kuti waposa ngakhale mnyamata amene analengezedwa kuti ndi nambala wani. Koma digiri sanainunkhe. Akazi ankaloledwa kuphunzira ndi kulemba mayeso, basi. Cambridge inadzayamba kuwapatsa madigiri mu 1948.

Takulandirani. Lero tikambirana mawu atatu amene mayunivesite amakonda kuwalemba m'timabuku tawo: kusiyanasiyana kwa anthu, chilungamo, ndi kusasiya munthu kunja.

Loyambalo ndi losavuta. Tangoyang'anani m'kalasi, muli ndani? Akazi alimo angati m'kalasi ya uinjiniya? Nanga aulumali, ana a mabanja osauka, a mitundu yochepa?

Chilungamo ndiye chimasokoneza ambiri, chifukwa amaganiza kuti ndi kugawa mofanana. Tiyerekeze mwagawira aliyense pepala la mafunso losindikizidwa bwinobwino. Wosaona uja mwamupatsa chiyani? Palibe. Iye akufunika la zilembo za Braille, zowerenga ndi zala, kapena kompyuta yomuwerengera, ndi nthawi yoonjezera. Mafunso ndi omwewo, sanamufewetsere ayi.

[Pa sikirini: mapu a dziko lonse]

Mkangano waukulu umakhala pa geti, posankha olowa. Dziko la Brazil mu 2012 linakhazikitsa lamulo loti theka la malo m'mayunivesite a boma lalikulu lipite kwa ochokera m'masekondale a boma, ndipo mkati mwa thekalo amayang'ananso umphawi wa banja ndi mtundu wa munthu. Ku United States zinapita kwina: mu June 2023 khoti lalikulu linagamula, pa mlandu wokhudza mayunivesite a Harvard ndi University of North Carolina, kuti mtundu wa munthu usamawerengedwe posankha ophunzira. Ndipo tisanamizane, mwana amene wakhoza bwino koma wasiyidwa chifukwa malo anasungidwira ena, dandaulo lake ndi lomveka. Winanso anaphunzira pa sukulu yopanda labotale n'kupeza mapointi ocheperako pang'ono. Mwa awiriwa wakhama kwambiri ndani? Kwa ine, wachiwiriyu sitingamuyeze ndi mapointi okha.

Koma za pa geti zimatiiwalitsa zam'kati, komwe kuli mawu achitatu aja: kusasiya munthu kunja.

[Pa sikirini: chithunzi cha Ed Roberts pa njinga yake ya aulumali]

Uyu ndi Ed Roberts. Anadwala poliyo ali ndi zaka 14, ziwalo zinafa kuyambira m'khosi kutsika, ndipo usiku ankagona m'chimakina chachitsulo chomuthandiza kupuma. Mu 1962 analowa pa University of California ku Berkeley. Malo anamupatsa, inde, koma agona kuti? Ku mahositelo chimakina chija sichikanatheka, kulemera kwake. Mapeto ake anamugoneka m'chipatala cha pasukulupo, chotchedwa Cowell. Taganizirani, anzako akucheza m'zipinda zawo, iwe kwanu ndi ku wodi.

Patapita nthawi kunabwera ena oyenda pa njinga za aulumali, nadzitcha kuti Rolling Quads. Sanadikire kuti akuluakulu awamvere chisoni. Mu 1970 anayambitsa ofesi yothandiza ophunzira aulumali, yoyendetsedwa ndi iwo eni: kukonza njinga zikawonongeka, kupeza owasamalira, kusaka nyumba zoti njinga ilowe. Anakakamizanso mzinda kuti ugumule m'mphepete mwa misewu kuti pakhale potsetsereka. Lero potsetsereka pomwepo pamadutsanso mayi wokankha mwana, ndi wapaulendo wokoka sutikesi.

Zotchinga zina sizioneka ndi maso. Mwana amene ndi woyamba m'banja lake kuponda pa yunivesite sadziwa kuti akhoza kugogoda pa ofesi ya lekichala n'kufunsa. Palibe anamuuza. Walakwa mayeso oyamba, wachita manyazi, wangokhala chete, chaka chachiwiri sitikumuonanso. Apa chimathandiza ndi wophunzira wa chaka chachitatu woyenda naye, kapena kandalama kadzidzidzi pamene lendi yamutsamwitsa.

Ndiye yunivesite ikamadzitama kuti chaka chino yatenga atsikana kapena aulumali ambiri, ifunseni chiwerengero china: mwa amene inatenga zaka zinayi zapitazo, anavala gauni ndi angati, gulu lililonse palokha?