Thovu la hydrogen peroxide lisakunamizeni

(Patebulo pali kabotolo kabulauni, mbatatesi yodula pakati ndi malaya oyera.)

Moni nonse amene mukutionera, kaya muli ku Chibavi, ku Luwinga kapena ku Katoto. Kabotolo aka ndi ka mankhwala a hydrogen peroxide, kogula ku famase. Musanatsegule, yambani mwawerenga lebulo. Wogwiritsa ntchito pakhomo ndi wa mphamvu ya 3%. Amene amasakaniza ndi utoto wa tsitsi ku saluni amafika mpaka 12%, ndipo amawotcha khungu, ameneyo asiyireni a saluni.

(Kamera iyandikire mbatatesi.)

Onani ndadonthezapo pang'ono. Mwaliona thovulo? Mu mbatatesi yaiwisi muli puloteni wotchedwa catalase, yemwenso ali m'magazi mwathu. Iyeyu amaswa mankhwalawa n'kuwasandutsa madzi ndi mpweya wa oxygen, ndiye thovulo ndi mpweya umene ukuthawa, basi. Kuwala nakonso kumawaswa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake botolo lake silionekera mkati. Anu a m'kabati akapanda kuchita thovu pa mbatatesi, ndiye kuti anasukuluka kalekale.

Tsono nkhani ili pa mabala. Mwana akagwa n'kusupuka bondo, ambiri timathamangira kabotoloka, thovu likatuluka mtima n'kukhala pansi, ati majeremusi akufa. Akufadi ena, koma limodzi ndi timinofu tatsopano timene timayenera kutseka balalo, ndiye limachedwa kupola. Bala laling'ono litsukeni ndi madzi oyera ambiri, sopo m'mbali mwake, muliphimbe. Likakhala lakuya, kapena mwana walumidwa ndi galu, tsukani ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Komwe mankhwalawa amachita bwino ndi pa nsalu. Magazi akadonthera pa malaya oyera, tsukuluzani kaye ndi madzi ozizira, chifukwa otentha amangowamatiriza. Donthezani, dikirani thovu lithe, kenako chapani. Koma chitenje chanu cha ku ukwati chija yambani mwayesa kumpendero, angachisuwutse. Kuno ku Mzuzu, ndi chinyezi chathuchi, makoma a bafa sachedwa kuchita chuku. Thirani, padutse mphindi 10, kwechani ndi bulashi. Thabwa lodulirapo nyama nalonso mukhoza kulithira mutalitsuka kale ndi sopo.

Musasakanize ndi Jik, zimatentha n'kuthovoka. Ndi viniga ayi, zimapanga asidi woyabwa m'maso ndi pakhosi. Ndiponso chonde, amayi ndi abambo, musatsanulire m'botolo la chakumwa: amaoneka ngati madzi enieni ndipo mwana sangasiyanitse. Ngati wamwa, musamusanzitse. Mutengeni limodzi ndi botololo ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chimene muli nacho pafupi, adokotala aone lebulo. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15 musananyamuke.